Wes Montgomery: mafunso ndi mayankho pa moyo ndi ntchito ya katswiri wa gitala ya jazi

Munthu akangoyamba kumvera jazi, makamaka ngati iyenso amagwirako gitala, sachedwa kukumana ndi dzina la Wes Montgomery. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa mobwerezabwereza za iye. Ayambira pa zapafupi, kenako alowa m'zakuya za kaimbidwe kake ndi za mkangano umene sunathe mpaka lero, wokhudza zimbale zimene anajambula kumapeto kwa moyo wake.

Kodi Wes Montgomery anali ndani?

Anali woimba gitala ya jazi wa ku America. Dzina lake lonse linali John Leslie Montgomery. Anabadwa pa 6 Malichi 1923 mumzinda wa Indianapolis, m'chigawo cha Indiana, ndipo anamwalira mumzinda womwewo pa 15 Juni 1968 ali ndi zaka 45. Dziko linamudziwa kwa zaka zosakwana khumi, kuyambira 1959 mpaka imfa yake, koma m'nthawi yochepayo anasintha kamvekedwe ka gitala ya jazi, moti pafupifupi aliyense woimba chida chimenechi pambuyo pake ali ndi chimene anatapa kwa iye.

Anayamba liti kuimba gitala?

Ali mnyamata wa zaka pafupifupi 12, pa nthawi imene ankakhala ndi bambo ake ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, mkulu wake Monk anamugulira kagitala ka nsambo zinayi. Ankakasewera ndithu, koma gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi anaigula cha mu 1943, ali pafupi zaka 20, atakwatira kale mkazi wake Serene.

Chimene chinamukoka chinali kumva Charlie Christian, mnyamata amene ankaimba gitala yamagetsi mu bandi ya Benny Goodman kuyambira 1939, ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Christian asanabwere, gitala mu bandi ya jazi nthawi zambiri inali yongothandiza kusunga kugunda kwa nyimbo kumbuyo, chifukwa malipenga ankaimeza. Iye ndi amene anaonetsa anthu ambiri kuti gitala yolumikizidwa ku ampu, chida chokweza mawu, ikhoza kuima kutsogolo n'kuyankhula ngati saxophone. Wes ankamvera zimbale za Christian mobwerezabwereza n'kumaloweza ma solo ake onse, zigawo za nyimbo zimene woimba mmodzi amatsogolera akupeka pomwepo, ndipo ntchito yake yoyamba m'malo achisangalalo a ku Indianapolis inali yoimba ma solo omwewo monga momwe analili pa chimbale.

N'zoona kuti sankatha kuwerenga manotsi?

Ee, n'zoona. Sanapite kusukulu ya zoimba ndipo nyimbo zolembedwa papepala sankaziwerenga. Zonse ankazigwira ndi khutu. Koma apa pamafunika kusamala, chifukwa ena amamva ngati ankangoimba mwamwayi. Ayi ndithu. Ankadziwa bwino mmene makodi, manotsi angapo olira pamodzi, amayendera, mmene kodi imodzi ingalowere m'malo mwa inzake, ndiponso njira zokhota zofikira pamene nyimbo ikupita. Chidziwitsocho chinali m'makutu ndi m'zala, osati m'mabuku. Anzake olemba nyimbo papepala ankadabwa ndi liwiro limene ankagwirira nyimbo yatsopano atangoimva.

N'chifukwa chiyani ankaimba ndi chala chachikulu?

Oimba gitala ambiri amakhwatcha nsambo ndi kapulasitiki kakang'ono kamene amakatcha pick. Wes ankagwiritsa ntchito mnofu wa chala chachikulu cha dzanja lamanja. Nkhani yodziwika, imene iye mwini ankaifotokoza, ndi yakuti nthawi yoyeserera ankaipeza usiku akaweruka kuntchito, ndipo phokoso la ampu linkasokoneza apabanja ndi oyandikana nawo nyumba. Atayesa ndi chala anaona kuti mawu akutuluka ofewa, ndipo anapitiriza choncho mpaka kunakhala kaimbidwe kake.

Mukaonera mavidiyo ake a mu 1965, yang'anani dzanja lamanjalo. Zala zinayi zatambasuka, zatsamira pathupi la gitala m'munsi mwa nsambo, sizikusuntha. Chala chachikulu chokha ndi chimene chikugwira ntchito yonse, kawirikawiri chikutsikira pansi, ndipo nyimbo ikathamanga chimabwereranso m'mwamba. Pamalo pamene zala zinazo zinkatsamira, utoto wa gitala unaperepeseka, moti pa ina mwa magitala ake anaikapo kachizindikiro kooneka ngati mtima kuti pasapitirire kudyeka. George Benson, woimba gitala mnzake amene ankamudziwa bwino, anafotokozapo kuti chala cha Wes chinali ndi kachikanga kolimba: akafuna mawu ofewa ankakhudza ndi mnofu, akafuna akuthwa ankakhudza ndi kachikangako.

Chala chimachedwa poyerekeza ndi pick, ndipo iye mwini ankadandaula za zimenezo. Koma chimene anapeza posinthana ndi liwirolo ndi mawu ofunda, onenepa, amene munthu amawazindikira pakangomveka manotsi awiri kapena atatu.

Ma octave amene amatchulidwa nthawi zonse pa nkhani ya Wes ndi chiyani? Anawayambitsa ndi iye?

Mukaimba do, re, mi mpaka kukafika pa do wina wapamwamba, mtunda wa pakati pa do wapansi ndi do wapamwambayo ndiwo octave. Kuimba ma octave pa gitala ndi kuliza manotsi awiriwo nthawi imodzi, ngati mwamuna ndi mkazi akuimba mzere umodzi wa nyimbo, wina ndi mawu apansi, wina apamwamba. Wes ankakanikiza nsambo ziwiri zosayandikana, n'kuziziritsa nsambo yapakati ndi mnofu wa chala cha mkombaphala kuti isalire, kenako chala chachikulu n'kupala zitatu zonsezo pamodzi. Dzanja lamanzere lonse limayenera kutsetsereka m'khosi la gitala lili choumbika chomwecho.

Sanawayambitse ndi iye. Django Reinhardt, woimba gitala ya jazi wa ku Ulaya, ankawagwiritsa ntchito kale m'zaka za m'ma 1930. Chimene Wes anachita, chimene chinali chisanamvekepo, ndi kupeka solo yaitali yonse ndi ma octave, pa liwiro lalikulu, popanda kuphonya kapena kutaya kukoma kwa nyimbo. Iye mwini ananenapo kuti poyamba kuyeserera zimenezi kunkamupweteketsa mutu.

Nanga solo yake ankaimanga bwanji?

Apa ndi pamene pagona luso lake lenileni, kuposanso nkhani ya chala. Kawirikawiri ankayamba ndi manotsi amodziamodzi, mofatsa, ngati munthu amene akuyala nkhani. Nyimbo ikazungulira kangapo ankalowa mu ma octave, ndipo mawu ankanenepa. Kumapeto ankasamukira ku makodi athunthu, manotsi anayi kapena kuposa akuyenda pamodzi, akuyankhana ndi ma octave monga momwe malipenga amayankhirana mu bandi yaikulu. Womvera amamva kutentha kukukwera pang'onopang'ono ngakhale liwiro la nyimbo silinasinthe.

Sankatsata dongosololi ngati lamulo, ndipo pali ma solo amene gawo lina analidumpha. Koma mukalidziwa, kumvera Wes kumasintha: mumayamba kudikira pamene asinthire, ndipo mumaona kuti ankadziwa kumene akupita kuyambira pa notsi yoyamba. Chinanso choti mumvetsere ndi mmene ankatengera kachidutswa kakang'ono ka nyimbo, n'kukabwereza, n'kukasuntha, n'kukatembenuza, mpaka katabala china chatsopano. Blues sinkachoka m'kaimbidwe kake ngakhale makodi atakhala ovuta chotani.

Ngati anali waluso chotere, n'chifukwa chiyani anatchuka mochedwa?

Chifukwa anasankha banja. Mu 1948 Lionel Hampton anamutenga mu bandi yake yaikulu, ndipo anayenda nayo mpaka kumayambiriro kwa 1950. Kwa woimba wachinyamata umenewo unali mwayi wosowa, koma Wes sanakonde moyo wa m'misewu, kutali ndi mkazi ndi ana. Anabwerera ku Indianapolis n'kukhala kumeneko pafupifupi zaka khumi, pa nthawi imene anzake ankathamangira ku New York.

Banja lake linakula mpaka ana asanu ndi awiri, ndipo ndalama za gitala zokha sizikanawadyetsa. Masana ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo m'fakitale. Usiku ankaimba pa malo otchedwa Turf Bar, ndipo kumeneko kukatsekedwa ankapita ku Missile Room, kumene ankaimba mpaka m'bandakucha. Akagona pang'ono, ntchito ya m'fakitale inali ikumudikira. Zaka zimenezi sizinapite pachabe. Msewu wa Indiana Avenue, umene unali likulu la moyo wa anthu akuda mumzindawo m'masiku a tsankho, unali ndi malo ambiri oimbira, ndipo unatulutsa akatswiri monga J. J. Johnson, Freddie Hubbard ndi Slide Hampton. Kuimba usiku uliwonse pamaso pa anthu amene amaidziwa jazi ndi kumene kunamukhwimitsa. Pamene dziko linkamumva koyamba ali ndi zaka 36, kaimbidwe kake kanali katapsa kale.

Anatulukira bwanji?

Mu Seputembala 1959, woimba saxophone Cannonball Adderley anafika ku Indianapolis kudzaimba, ndipo atamaliza anapita ku Missile Room. Zimene anamva zinamuchititsa kuti atangobwerera ku New York akakakamize Orrin Keepnews, mmodzi wa eni kampani yojambula nyimbo ya Riverside, kuti amutenge. Keepnews anapita yekha ku Indianapolis kukamumva, ndipo anasainirana naye mgwirizano. Mwezi wotsatira Wes anajambula chimbale chake choyamba ku Riverside, ali ndi anzake a kwawo, Melvin Rhyne pa ogani ndi Paul Parker pa ng'oma.

Sikuti aka kanali koyamba kulowa mu situdiyo. Anali atajambulapo ndi abale ake ku kampani ya Pacific Jazz kuyambira 1957, koma zimbalezo sizinamufikitse patali.

Abale akewo anali ndani?

Mkulu wake Monk Montgomery ankaimba besi, ndipo ndi mmodzi mwa oyamba kuimba besi yamagetsi ya Fender mu jazi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, nayenso ali mu bandi ya Hampton. Mng'ono wake Buddy ankaimba piyano ndi vibraphone. Awiriwa anali ndi gulu lotchedwa The Mastersounds, ndipo atatu onse ankaimba pamodzi pa dzina la The Montgomery Brothers. M'zaka zake zomaliza, Wes atayamba kupeza bwino, anayendanso ndi abale akewa.

Ndiyambe ndi chimbale chiti?

Yambani ndi The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, chimene anajambula mu Januwale 1960 ndi Tommy Flanagan pa piyano, Percy Heath pa besi ndi Albert Heath pa ng'oma. M'menemo muli nyimbo zake ziwiri zimene oimba jazi amaimbabe paliponse, Four on Six ndi West Coast Blues. Yachiwiriyi ndi yabwino kwambiri pomvetsera magawo atatu a solo amene afotokozedwa pamwambapa.

Kenako mverani Full House, chimene chinajambulidwa pamaso pa anthu mu Juni 1962 pa malo otchedwa Tsubo ku Berkeley, California. Anali ndi Johnny Griffin pa saxophone, komanso Wynton Kelly, Paul Chambers ndi Jimmy Cobb, amene pa nthawiyo ankaimbira Miles Davis. Atatu omwewa ndi amene ali nayenso pa Smokin' at the Half Note cha mu 1965. Ngakhale dzina lake likunena za kalabu ya Half Note ku New York, pa chimbale choyambirira nyimbo ziwiri zokha ndi zimene zinajambulidwa m'kalabumo, zinazo zinajambulidwa mu situdiyo ya Rudy Van Gelder. Imodzi mwa ziwirizo, No Blues, ndi yotalika mphindi zoposa 12, ndipo ngati mukufuna kumva Wes atamasuka, akupeka popanda womudula, yambirani pamenepo.

Okonda gitala ndi ogani apeze Boss Guitar cha mu 1963, komanso zimene anajambula ndi Jimmy Smith mu 1966.

Ndinamva kuti anaimbapo ndi John Coltrane. Zilipo zojambulidwa?

Anaimbadi ndi gulu la Coltrane, katswiri wa saxophone, kwa kanthawi mu 1961, kuphatikizapo pa chikondwerero cha jazi cha ku Monterey, woimba saxophone wina Eric Dolphy alinso pomwepo. Coltrane anafuna kuti akhale naye m'gululo, koma Wes anabwerera kwa abale ake. Palibe chimbale cha awiriwa chimene chinatulutsidwa.

N'zoona kuti anasiya jazi chifukwa chofuna ndalama?

Ili ndi funso limene limakanganitsa anthu kwambiri, choncho tiyambe ndi zimene zinachitika. Kampani ya Riverside inagwa mu 1964. Wes anasamukira ku kampani ya Verve, kumene wotsogolera zojambula anali Creed Taylor. Taylor anaona kuti mawu a ma octave aja akhoza kukopa anthu amene samvera jazi, ndipo anayamba kumujambulitsa nyimbo zotchuka za pa wailesi, atamuzunguliza ndi mavayolini ndi malipenga, zokonzedwa ndi anthu monga Don Sebesky, Oliver Nelson ndi Claus Ogerman. Kumeneko kunachokera Bumpin', Goin' Out of My Head, Tequila ndi California Dreaming. Taylor atapita ku kampani ya A&M mu 1967, Wes anamutsatira. Chimbale cha A Day in the Life, chimene dzina lake linachokera ku nyimbo ya The Beatles imene inali itangotuluka kumene, chinagulidwa kwambiri, ndipo nyimbo ya Windy inafika pa nambala 44 pa mndandanda wa Billboard Hot 100.

Odandaula ali ndi mfundo, ndipo sitiyenera kuibisa. Pa zambiri mwa zimbale zimenezi nyimbo ndi zazifupi, zokwanira pa wailesi. Wes amaimba mutu wa nyimbo ndi ma octave, n'kupeka pang'ono, basi yatha. Kumanga solo kuja, kumene kunali mphatso yake yaikulu, kulibe malo. Munthu amene wamva No Blues n'kudzamva zina za ku A&M amamva ngati wamanidwa kanthu, ndipo wamanidwadi.

Koma mawu akuti anagulitsa luso lake ndi olemera mopitirira muyezo. Uyu ndi bambo wa ana asanu ndi awiri amene anakhala zaka zambiri akugona maola ochepa kuti banja lidye. Zimbale za ku Riverside zinamubweretsera ulemu wa olemba nkhani ndi mphoto za magazini ya DownBeat, koma osati ndalama zokwanira, moti ngakhale atatchuka ankabwererabe kukaimba ku Indianapolis. Kumuweruza chifukwa cholandira mpata wopeza bwino atafika zaka 40 n'kosavuta kwa munthu amene sanasenzepo katundu wakeyo. Komanso kuimba ndi mavayolini sikunayambire kwa Taylor, chifukwa chimbale cha Fusion! anachijambula akadali ku Riverside mu 1963. Ndipo Smokin' at the Half Note, chimene onse amachitama, chinatuluka ku Verve komweko, m'chaka chimodzi ndi Bumpin'. Zojambulidwa za m'makalabu za m'zaka zimenezo zikuonetsa kuti akakhala pamaso pa anthu, ndi gulu laling'ono, moto unali womwewo.

Chinanso chimene odandaula amachiiwala n'chakuti kuimba mutu wa nyimbo mokoma ndi luso palokha. Mverani Bumpin' on Sunset. Manotsi ndi ochepa, koma iliyonse yagwa pamalo pake, ndipo ambiri amene anayesa kutsanzira kaimbidwe kameneka anangotola kufewa kwake, kugunda kwake n'kuwathawa.

Analandirako mphoto ya Grammy?

Analandira ziwiri. Yoyamba inali ya Goin' Out of My Head, mu 1967. Yachiwiri inabwera atamwalira kale, chifukwa cha chimbale cha Willow Weep for Me cha mu 1969. Chimenechi chinapangidwa ndi nyimbo zotsala za ku Half Note zija, ndipo pa zina mwa izo kampani inathirapo malipenga pamwamba mwini wake kulibe. Pambuyo pake nyimbozo zinatulutsidwanso popanda zowonjezerazo, ndipo zimamveka bwino choncho.

Ankaimba gitala yanji?

Imene amadziwika nayo ndi Gibson L-5 CES, gitala yaikulu ya mphako mkati. Ankaikamo nsambo zonenepa, zosalala, zimene sizichita phokoso chala chikamatsetsereka. Ma ampu ankagwiritsa ntchito a Fender, ndipo pambuyo pake a Standel. Zida zosinthira mawu sankazifuna. Musafulumire kuganiza kuti chinsinsi chili pa gitalayo: m'zaka zoyambirira anajambula ndi magitala ena a Gibson, ndipo amamvekabe kuti ndi Wes.

Anapitako kunja kwa America?

Ankaopa ndege kwambiri, ndipo m'dziko lake momwe ankakonda kuyenda pa galimoto ngakhale mtunda utatalika. Ulendo wake wodziwika wa ku Ulaya ndi wa mu 1965, pamene anaimba ku London, ku Paris ndi m'mizinda ina. Tiyenera kuuyamikira ulendo umenewu, chifukwa mawailesi akanema a kumeneko, kuphatikizapo BBC, anamujambula, ndipo mavidiyo ambiri oonetsa manja ake pafupi anachokera kumeneko.

Anamwalira bwanji?

Anamwalira ndi matenda a mtima, mwadzidzidzi, ali kunyumba kwake ku Indianapolis, atangobwera kumene kuchokera ku ulendo wokaimba. Apa n'kuti zinthu zitangoyamba kumuyendera. Chimbale chake chomaliza, Road Song, anali atachijambula mwezi wapitawo. Mumzindawo muli paki yotchedwa dzina lake. Kuyambira 2012 kampani ya Resonance Records yakhala ikutulutsa zojambulidwa zake zakale zimene zinali zisanamveke, kuyambira ndi Echoes of Indiana Avenue, ndipo zimathandiza kumva mmene ankaimbira asanatchuke.

Ndi oimba ati amene anatengera kwa iye?

George Benson ndi amene anatsata mapazi ake moonekeratu, ngakhale pa nkhani yogwira ntchito ndi Creed Taylor ndi kufikira anthu ambiri. Pat Metheny wanena kangapo kuti Smokin' at the Half Note ndi chimbale chimene chinamuphunzitsa kuimba. Emily Remler anajambula East to Wes mu 1988, ndipo Lee Ritenour anatulutsa Wes Bound mu 1993, zonse zomulemekeza. Ma octave ake anadutsa malire a jazi n'kulowa mu soul, mu rock ndi mu nyimbo zofewa za pa wailesi.

Ndikufuna kuphunzira kaimbidwe kake. Ndiyambire pati?

Chitani zimene iye anachita ndi Charlie Christian. Sankhani solo imodzi yosathamanga, monga ya D-Natural Blues ya pa The Incredible Jazz Guitar, muimvere mpaka muthe kuiimba ndi pakamwa, kenako muifunefune pa gitala kachidutswa kamodzi pa nthawi. Mapepala olembedwa ma solo ake alipo ambiri, koma amangokuuzani notsi, osakuuzani kulemera kwake kapena pamene yagwera pa kugunda kwa nyimbo.

Ma octave muwayambe pang'onopang'ono. Pa nsambo yachisanu ndi chimodzi ndi yachinayi, komanso yachisanu ndi yachitatu, notsi yapamwamba imakhala mafreti awiri kutsogolo kwa yapansi (mafreti ndi tizitsulo togawa khosi la gitala). Pa yachinayi ndi yachiwiri, komanso yachitatu ndi yoyamba, imakhala mafreti atatu kutsogolo. Vuto la oyamba kumene ndi nsambo yapakati ija: ikalira, zonse zimasokonekera, choncho gonetsani pang'ono chala cha mkombaphala kuti chiikhudze osaikanikiza. Yambani ndi mitu ya nyimbo zimene mumazidziwa kale musanayese kupeka.

Za chala chachikulu, yesani kwa milungu ingapo kuti mumve kusiyana kwake, koma si lamulo kutaya pick. Benson amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo Metheny ndi Remler anatenga zambiri kwa Wes akuimba ndi pick. Ngati mwasankha chala, kwezani ampu pang'ono ndipo muzikhudza nsambo mopepuka, chifukwa kukanikiza mwamphamvu kumatopetsa dzanja msanga ndipo kumapha mawu.